Hackintosh yakana kuyaka: muyambire pati kufufuza?

Aliyense amene anadzimangira kompyuta n'kuikamo macOS ya Apple, makina omwe amawatcha Hackintosh, amalidziwa vuto ili. Makina amayenda bwinobwino dzulo. Lero mwayatsa, chizindikiro cha Apple chaoneka, kamzere kayenda mpaka pakati, kenako zii. Mwina sikirini yangoda bii. Mwinanso kompyuta ikuzima yokha n'kuyambiranso, kumangozungulira pamodzimodzi. Ambiri akafika apa amathamangira kufufuta disiki ndi kuika macOS mwatsopano, ndipo kawirikawiri kumeneko n'kutaya tsiku ndi bandulo pachabe. MacOS yomwe ili pa disikiyo nthawi zambiri imakhala ilibe vuto. Chasokonekera ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimachitika iyo isanadzuke: masetingi a BIOS (kapulogalamu ka pa bodi koyamba kudzuka mukayatsa kompyuta), foda ya EFI, kapena chipangizo china chomwe macOS yasiya kuchizindikira.

Kuti mumvetse chifukwa chake, kumbukirani kuti Apple imalemba macOS poganizira makina ake okha, ochepa, omwe imawadziwa chipangizo ndi chipangizo. Mpata unatseguka mu 2006 pamene ma Mac anayamba kutuluka ndi ma processor a Intel, ofanana ndi a ma PC wamba. Chomwe chimatseka kusiyana kotsalako ndi kapulogalamu koyambitsira makina. Kale anthu ankadalira Chameleon, kenako Clover, ndipo masiku ano ambiri ali pa OpenCore ya gulu la Acidanthera. OpenCore imadzuka poyamba, imauza macOS kuti makinawa ndi iMac kapena Mac Pro (dzina lonamizira limeneli amalitcha SMBIOS), imalowetsa madalaiva otchedwa ma kext, n'kukonza matebulo a ACPI ofotokoza zipangizo, omwe bodi yapereka. Zonsezi zimakhala m'kagawo kakang'ono ka disiki ka FAT32, mu foda ya EFI/OC, ndipo zimalamulidwa ndi fayilo imodzi, config.plist. Layisensi ya Apple siilola kuika macOS pa makina osakhala ake. Kampani ya Psystar ya ku Florida inayesa kugulitsa makompyuta otere mu 2008, Apple inaisumira ndipo inapambana mlandu mu 2009. Tanthauzo lake kwa inu n'loti palibe ofesi yokadandaulako. Mekaniki ndinu nomwe.

Muione kaye pamene yaimira

Chizindikiro cha Apple chimabisa chilichonse. Musanasinthe kanthu, chichotseni. Mu config.plist pitani ku NVRAM, Add, pansi pa nambala yaitali yoyamba ndi 7C436110, ndipo pa boot-args lembani `-v keepsyms=1 debug=0x100`. Mawu oyambawo amachititsa kuti mizere yonse ya zomwe zikuchitika izioneka. Otsatirawo amathandiza kuti kernel, mtima wa macOS, ikagwa, dzina la chomwe chaigwetsa liwerengeke, komanso kuti makina aime pomwepo m'malo moyambiranso inu musanawerenge. Jambulani sikirini ndi foni. Ngati mizere ikuthamanga kwambiri, tengani vidiyo n'kumaiimitsa. Mzere womaliza si nthawi zonse umene uli wolakwa. Werenganinso mizere isanu kapena khumi ya pamwamba pake.

Mwina mukufunsa kuti, ndisintha bwanji fayiloyo pomwe kompyuta sikuyaka? Apa m'pamene pamaonekera amene anakonzekera. Pamafunika fulashi yaing'ono, ya FAT32, yokhala ndi kope la foda ya EFI yomwe munaiona ikugwira ntchito. Fulashi imeneyi isamasungirenso nyimbo kapena kubwerekedwa. Mukailowetsa n'kuisankha poyatsa (F12 pa mabodi a Gigabyte, F8 pa Asus, F11 pa MSI ndi ASRock), OpenCore ya pa fulashi imadzutsa macOS ya pa disiki popanda kukhudza mafayilo anu. Ikayaka motero, mwadziwa kale kuti vuto lili mu EFI ya pa disiki. Ikakananso ndi EFI yomwe inkagwira ntchito, maso anu apite ku BIOS kapena ku chipangizo chenicheni. Kuyesa kumodzi kumeneku kumagawa nkhani yonse pawiri.

Ngati fulashi yotere mulibe, mungaipange pa laputopu ya Windows, kapena kulowa mu EFI ya pa disiki kudzera mu Windows kapena Linux ya pa fulashi. Posintha config.plist gwiritsani ntchito ProperTree. Mapulogalamu a mabatani okongola otchedwa ma configurator sindiwakhulupirira kwenikweni, chifukwa akasiyana mtundu ndi OpenCore yanu amawonjezera kapena kuchotsa mizere osakuuzani. Ndipo lamulo lovuta kulisunga munthu akatopa ndi ili: sinthani chinthu chimodzi, yatsani, onani zotsatira. Mukasintha zisanu nthawi imodzi n'kuyaka, simudziwa chomwe chakonza, ndipo mwina ziwiri mwa zisanuzo zabzala vuto la mwezi wamawa.

BIOS yabwerera m'mbuyo

Kwa ife amene magetsi amatizimira ntchito ili mkati, ichi ndicho choyamba kuchikayikira, ndipo anthu amachidumpha chifukwa amati sanakhudze kalikonse. N'zoona simunakhudze. Koma masetingi a BIOS amasungidwa ndi mphamvu ya kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kali pa bodi. Kakatha mphamvu, zonse zimayenda bwino malinga ngati kompyuta ili pa magetsi. Tsiku lomwe magetsi azima kapena mwazula pulagi, bodi imaiwala zonse n'kubwerera momwe inachokera ku fakitale. Mabodi ena amachitanso zomwezo akaona kuti makina azima mwadzidzidzi kangapo. Windows siidandaula kwambiri ndi masetingi a ku fakitale. MacOS imakana. Chizindikiro chosavuta n'choti mukalowa mu BIOS mupeza tsiku ndi chaka zili zolakwika. Bodi yogula yakale, musadikire kuti kabatireko kakuonetseni. Kasintheni tsiku lomwe mwaigula.

Zoyenera kuzima ndi Fast Boot, Secure Boot, CSM, Intel SGX, serial port, ndi CFG Lock ngati bodi ikuionetsa. VT-d mutha kuizima, kapena kuisiya n'kuyatsa DisableIoMapper mu config.plist. Zoyenera kuyatsa ndi Above 4G Decoding, XHCI Hand-off ndi VT-x. SATA ikhale pa AHCI, osati RST kapena RAID. Ngati chithunzi chikuchokera ku graphics ya m'kati mwa processor ya Intel, DVMT Pre-Allocated ikhale 64MB kapena kuposera apo. Resizable BAR ndi msampha watsopano: pa mabodi ena imaonekera mukayatsa Above 4G, ndipo mukafuna kuisiya yoyaka chifukwa cha magemu a pa Windows, ikani ResizeAppleGpuBars pa 0.

Mwa zonsezi, CSM ndi AHCI ndi zomwe zimagwetsa anthu kwambiri zikabwerera. CSM ikayaka, sikirini imatha kuda kapena kuonetsa zilembo zosweka. SATA ikapita pa RST, macOS siiona disiki yake yomwe. Mukamaliza kukonza, sungani masetingi ngati profile mu BIOS momwemo, komanso jambulani tsamba lililonse ndi foni, chifukwa mukasintha mtundu wa BIOS ma profile akale amatha kukana kutseguka. Kusintha BIOS kumene kuli ndi chiopsezo chake: kumatha kusintha matebulo a ACPI ndi malo obisika a CFG Lock. Ngati makina akuyenda ndipo palibe chomwe BIOS yatsopano ikukonzereni, isiyeni.

Palinso mtundu wina wa vuto lomweli umene umasokoneza mutu. Nthawi iliyonse mukazima kapena kuyambitsanso kuchokera mu macOS, bodi imadandaula kuti masetingi asokonekera, ikupempha F1. Apa kabatire alibe mlandu. Ndi macOS yomwe ikulemba m'malo a RTC omwe bodi yanu imasungirako zake. Yatsani DisableRtcChecksum pansi pa Kernel, Quirks. Zikapitirira, kext ya RTCMemoryFixup imakulolani kutchinga malo enieniwo. Ndipo ngati kompyutayi ndi yomwe imakudyetsani, UPS, batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akazima, ndi yofunika kuposa RAM yowonjezera.

Yaima isanapite patali

Mukaona mizere yochepa yokha, womaliza uli `[EB|#LOG:EXITBS:START]` kapena `EndRandomSeed`, ndiye kuti OpenCore yapereka makina kwa kernel koma kernel yalephera kunyamuka. Olakwa amakhala atatu. Woyamba ndi ma quirk, masetingi a pansi pa Booter mu config.plist, omwe amakonza mapu a memory: DevirtualiseMmio, SetupVirtualMap, EnableWriteUnprotector, RebuildAppleMemoryMap, SyncRuntimePermissions ndi ProtectUefiServices. Awa sayenderana mofanana pa mabodi onse. Z390 ndi Z490 amafuna zina, mabodi akale a Haswell (ma processor a Intel a m'badwo wa 4) amafuna zina, ndipo malangizo a pa intaneti a Dortania, ophunzitsa kukonza OpenCore, anawasanja malinga ndi m'badwo wa processor. Tsatirani tsamba la m'badwo wanu, osati loyandikana nalo. Wachiwiri ndi CFG Lock: ngati bodi siikulolani kuizima, AppleXcpmCfgLock iyenera kuyaka. Wachitatu amakhudza a Ryzen okha: ma patch a kernel a AMD akatsalira m'mbuyo, kapena nambala ya ma core mukailemba molakwika, makina amaima pomwepa.

Kawirikawiri vutoli limabwera munthu atangosintha OpenCore mwatheka. BOOTx64.efi, OpenCore.efi ndi OpenRuntime.efi ziyenera kuchokera mu mtolo umodzi. Kusintha imodzi n'kusiya zina n'kudziputira. Config.plist nayo iyenera kufanana ndi Sample.plist ya mtundu watsopanowo, chifukwa mizere imawonjezedwa ndi kuchotsedwa pakapita nthawi. Mu foda ya Utilities muli kachida kotchedwa ocvalidate, kapatseni config.plist yanu ndipo kakuuzani mzere womwe ukusowa. Gwiritsani ntchito ocvalidate ya mtundu womwewo wa OpenCore, apo ayi ikunamizani.

China chaching'ono koma chofala: kuponya kext mu foda sikutanthauza kuti yalowa. OpenCore imangolowetsa zomwe zalembedwa mu config.plist, motsatira ndandanda. Lilu ikhale pamwamba pa onse oidalira, monga VirtualSMC, WhateverGreen ndi AppleALC. Mu ProperTree, OC Snapshot imakusanjirani zonsezi, choncho ichiteni nthawi iliyonse mwawonjezera kapena kuchotsa fayilo.

Ikadutsa apa n'kukaima pa `PCI Configuration Begin`, kapena pa mizere yotchula RTC ndi `apfs_module_start`, yang'anani ma SSDT, timafayilo towonjezera ku matebulo a ACPI aja. Mabodi ambiri a Intel kuyambira a mtundu wa 300 (monga Z390) amagwiritsa ntchito wotchi ya AWAC yomwe macOS siidziwa, choncho pamafunika SSDT-AWAC. SSDT-EC-USBX imafunika pafupifupi pa desktop iliyonse kuyambira Catalina. SSDT-PMC ndi ya Z390, B360 ndi H370 kuti NVRAM, memory ya pa bodi yosunga masetingi oyambitsira makina, igwire ntchito, Z370 siifuna. Bodi ikakhala yopanda Above 4G Decoding, `npci=0x2000` pa boot-args imalowa m'malo mwake, koma musaike zonse ziwiri.

Bwalo lodulidwa ndi mzere, ndi nkhani ya USB

Chizindikiro choletsa cha bwalo lodulidwa ndi mzere, kapena mawu oti `Still waiting for root device`, zimatanthauza kuti macOS yataya disiki yomwe inayambirapo. Ngati mukuyambira pa SSD ya SATA, bwererani ku AHCI. Ngati mukuyambira pa fulashi yoikira macOS, vuto ndi USB: port yomwe fulashi ilimo yafa pakati pa ulendo. Isunthireni pa port ya USB 2.0 ya kumbuyo kwa bodi, osati ya kutsogolo kwa kesi, n'kuyesanso.

Gwero lake n'loti macOS imalola ma port 15 okha pa controller imodzi ya USB. Port iliyonse ya USB 3 imawerengedwa kawiri, kamodzi ngati yothamanga ndi kamodzi ngati ya USB 2, choncho bodi wamba imapitirira 15 mosavuta. MacOS imangotenga 15 oyambirira n'kusiya ena. N'chifukwa chake mumapeza mausi ikugwira pa port ina pomwe disiki yakunja siioneka pa port yomweyo. Kale anthu ankangoyatsa XhciPortLimit ndi USBInjectAll n'kuiwala, koma kuyambira Big Sur 11.3 njirayo inayamba kugwetsa makina, ndipo ngakhale anaikonzanso pambuyo pake, sinapangidwe kuti ikhale ya muyaya. Chokhalitsa n'kupanga mapu a ma port anu. Njira yosavuta ndi USBToolBox pa Windows, kumene kulibe malire a 15: mumalowetsa chipangizo cha USB 2 ndi cha USB 3 pa port iliyonse, mumasankha zomwe mukufunadi, n'kupanga UTBMap.kext yoyendera limodzi ndi USBToolBox.kext. Ntchitoyi ndi yotopetsa, yogwada kuseri kwa tebulo, koma imathetsa mavuto ambiri omwe saoneka ngati a USB.

Limodzi mwa mavutowo ndi tulo. Kompyuta ikamagona n'kudzuka nthawi yomweyo, kawirikawiri ndi port ya m'kati, monga ya Bluetooth kapena ya magetsi okongoletsera kesi, yomwe yalembedwa ngati yakunja. Ma port a m'kati amalembedwa mtundu 255. Lamulo la `pmset -g log` mu Terminal limakuonetsani chomwe chadzutsa makina, ndipo `sudo pmset -a hibernatemode 0` imachotsa mtundu wa tulo womwe ma Hackintosh ambiri sadzukako bwino.

Sikirini yada pamapeto penipeni

Mizere yatha, womaliza ukutchula `IOConsoleUsers: gIOScreenLockState 3`, kenako monita ikuti palibe siginolo. Apa macOS yadzuka ndithu. Dinani Caps Lock. Kanyali kakamayaka ndi kuzima, makina ali moyo, chithunzi chokha ndi chomwe chikusowa njira. Yambani ndi zotsika mtengo: sunthani chingwe kuchoka pa HDMI kupita pa DisplayPort, kapena pa port ina ya khadi lomwelo. Mamonita a VGA, omwe ndi ambiri m'mashopu a zinthu zakale, nthawi zambiri sagwira. Pamafunika kachosinthira kochokera ku HDMI kapena DisplayPort.

Pambuyo pake funso ndi loti khadi lanu ndi la mtundu wanji, ndipo apa palibe luso lomwe lingapose mbiri. Madalaiva a Nvidia a makhadi monga GTX 970 ndi GTX 1060 anathera pa High Sierra 10.13. Makhadi akale a Kepler, monga GT 710 ya mtundu umenewo, anafika pa Big Sur ndipo Monterey inawataya. Ma GTX 16 ndi ma RTX onse sanakhalepo ndi dalaiva ya macOS. Ngati muli ndi khadi lotere chifukwa cha Windows, `-wegnoegpu` imalibisa kwa macOS, ndipo monita mumailumikiza ku bodi kuti graphics ya Intel igwire ntchito, ngati processor yanu ili nayo.

Ku AMD zinthu zili bwinoko. RX 570 ndi RX 580 zimangoyaka popanda zambiri, ndipo m'maganizo mwanga ndi makhadi opatsa mtendere kuposa onse. RX 5700, RX 6600, RX 6800 ndi RX 6900 XT zimagwira, koma pa ma SMBIOS ambiri zimafuna `agdpmod=pikera` pa boot-args, apo ayi mdima womwewu. RX 6600 imafuna Monterey 12.1 kupita m'tsogolo. RX 6700 XT, ngakhale ili pakati pa anzake ogwira ntchito, Apple sinailembere dalaiva, ndipo ma RX 7000 alibiretu. Graphics ya m'kati ya Intel imathera pa m'badwo wa 10. UHD 630 ya pa desktop imafuna AAPL,ig-platform-id ya 07009B3E ikakhala kuti ndiyo ikupereka chithunzi, kapena 0300913E ikakhala ikungothandizira khadi lina. Yoyambayo ikada, yesani 00009B3E. Kuyambira m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo, popanda khadi la AMD palibe chithunzi chogwirira ntchito.

Zasokonekera pambuyo pa update

Choyamba, zimitsani update yodzichitikira yokha mu System Settings. Mac yeniyeni ingadzisinthe usiku inu muli mtulo, yanuyi ayi. Ndondomeko yake ndi iyi: sinthani OpenCore ndi ma kext poyamba, pa fulashi, yatsani macOS yomwe muli nayo kudzera pa fulashiyo, gwirani nayo ntchito pang'ono, kenako koperani ku disiki. MacOS yatsopano ibwere pomaliza, Time Machine, pulogalamu ya macOS yosunga kope la mafayilo, itamaliza kusunga zanu. Mtolo wathunthu wa macOS umaposa 12GB, ndipo ma Hackintosh ambiri amakakamizidwa kutsitsa wathunthuwo ngakhale pa kusintha kwakung'ono. Tsitsani kamodzi, sungani pa disiki yakunja.

Update ili mkati, makina amayambiranso kangapo. Pa menyu ya OpenCore pamaoneka dzina latsopano, macOS Installer, ndipo liyenera kusankhidwa mpaka litasowa lokha. Kamzere kamatha kuima nthawi yaitali osasuntha. Anthu ambiri amawononga update yabwinobwino pozimitsa makina apa chifukwa cha kusaleza mtima. Ndi `-v` yoyaka mumaona ngati mizere ikuyendabe. Musayambe ntchitoyi nthawi yomwe magetsi a kwanu amakonda kuzima.

Mtundu uliwonse watsopano umataya china chake, ndipo mukadziwa chomwe chatayidwa, vuto mumalizindikira msanga. Monterey inasintha Bluetooth yonse, mpaka panafunika BlueToolFixup. Ventura imafuna processor yokhala ndi AVX2, kutanthauza Haswell kupita m'tsogolo. Sonoma inachotsa madalaiva a Wi-Fi ya Broadcom, yomwe kwa zaka zambiri inali yodalirika pa makhadi monga Fenvi T919. Kuibwezeretsa kumafuna ma patch a OpenCore Legacy Patcher ndi kufooketsa chitetezo cha makina. Ogwiritsa ntchito Wi-Fi ya Intel azikumbukira kuti AirportItlwm imapangidwa payokhapayokha pa mtundu uliwonse wa macOS, ndipo yolakwika imatha kugwetsa kernel. Kuyambira Sonoma 14.4, ambiri amazungulira pamodzimodzi poika update mpaka ataika SecureBootModel pa Disabled. Chingwe cha Ethernet chikhale pafupi tsiku la update, chifukwa IntelMausi ndi RealtekRTL8111 sizisweka kawirikawiri.

Uthenga woti mtundu uwu wa macOS sugwira pa makina ano umachokera ku SMBIOS: Mac yomwe mukunamizira kukhala yachotsedwa pa mndandanda. iMac18,3 inathera pa Ventura, iMac19,1 pa Sequoia. Kusintha SMBIOS n'kotheka, koma tulukani kaye mu Apple ID, chifukwa kwa Apple imeneyo ndi kompyuta yatsopano, ndipo mapu ena a USB amamangiriridwa ku dzina la SMBIOS yakale, choncho mutha kudzuka kiyibodi ndi mausi zonse zitafa.

Windows ili pa disiki ina

Menyu ya OpenCore ikasowa, makina n'kumalowa mu Windows molunjika, palibe chomwe chafufutidwa. Windows yangodziika patsogolo pa ndandanda ya BIOS. Bwezerani disiki ya OpenCore pamwamba, ndipo ikani LauncherOption pa Full kuti OpenCore izidzilembetsa yokha. Windows ikhale pa disiki yakeyake, ndipo poiika zulani kaye disiki ya macOS, chifukwa imakonda kuika mafayilo ake oyambitsira mu EFI iliyonse yomwe yaipeza. Reset NVRAM ya pa menyu imathandiza masetingi akale akamakakamira, koma imafufutanso ndandanda imeneyi, choncho musadabwe.

Wotchi ikamasiyana ndi maola awiri mukachoka ku macOS kupita ku Windows, si kabatire. MacOS imasunga nthawi ya UTC pa bodi, Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kwanuko, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa onse ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Mu registry ya Windows, pansi pa TimeZoneInformation, pangani RealTimeIsUniversal n'kuipatsa 1.

SSD yosagwirizana

Kernel ikamagwa mwa apo ndi apo, dzina la IONVMeFamily likuoneka pa lipoti, onani mtundu wa SSD. Samsung PM981 ndi Micron 2200S, zomwe zimazulidwa m'malaputopu n'kugulitsidwa motsika mtengo, zimadziwika kuti sizigwirizana ndi macOS. Intel Optane nayo ayi. NVMeFix imachepetsa mavuto ena, koma deta ya kasitomala sindingaisunge pa PM981. Ma NVMe ena a Samsung amayaka bwino koma kuyambira Monterey amachedwa kwambiri poyamba chifukwa cha TRIM, ntchito yoyeretsa malo osagwiritsidwa ntchito pa SSD; SetApfsTrimTimeout pa 0 imafulumizitsa, ngakhale kutero n'kuzimitsa TRIM ya poyambira.

EFI ya munthu wina

Mavuto ambiri omwe ndatchulawa amakula chifukwa munthu anatsitsa foda ya EFI yopangidwa kale, ya bodi yofanana dzina ndi yake. Imayaka tsiku loyamba, n'chifukwa chake imakopa. Koma kugwiritsa ntchito EFI ya wina kuli ngati kumwa mankhwala omwe dokotala analembera mnzanu chifukwa nonse mukumva mutu. Iye mwina ali ndi BIOS ya mtundu wina, khadi lina, kesi ya ma port ena, ndipo anaikamo ma patch a mavuto omwe inu mulibe. Tsiku lomwe idzakane, mudzatsegula config.plist osadziwa kuti mzere uti unaikidwiranji. Choipanso n'choti ma EFI otere amabwera ndi serial yomwe anthu ambirimbiri akuigwiritsa ntchito, ndipo iMessage ndi FaceTime zimakana, mwinanso Apple ID yanu n'kuyamba kukayikiridwa. Pangani serial yanu ndi GenSMBIOS, pa ROM ikani MAC address ya Ethernet yanu, ndipo Ethernet ioneke ngati en0. EFI ya wina ndi yabwino kuiwerenga pofuna kuona mmene anathetsera vuto linalake, monga nambala ya alcid yomwe inatulutsa mawu pa bodi yake. Ogwiritsa ntchito Ryzen adziwenso kuti zina si zolakwika za config: mapulogalamu odalira VT-x ya Intel, monga Docker Desktop ndi Parallels yatsopano, sayenda pa AMD, ndipo ena a Adobe amafuna kupachikidwa zigamba.

Funso lomwe latsala ndi la ndalama. Apple inayamba kuchoka ku Intel mu 2020 ndi chip ya M1, ndipo mu June 2025 inalengeza kuti macOS Tahoe 26 ndi yomaliza kuyenda pa Intel, kenako padzangotsala zaka zitatu za ma update a chitetezo. Tahoe imangolandira ma Mac a Intel ochepa, kuphatikizapo iMac ya 2020 ndi Mac Pro ya 2019, choncho pa desktop SMBIOS yake ndi iMac20,1, iMac20,2 kapena MacPro7,1. Ngati Hackintosh yanu ikujambula nyimbo pa Logic Pro kapena kudula mavidiyo a maukwati pa Final Cut Pro, ndipo mtundu womwe mulipo ukuyenda, palibe chokukakamizani kusuntha. Logic ya chaka chatha siileka kujambula. Amene ali pampanipani ndi olemba mapulogalamu a iPhone, chifukwa Xcode, pulogalamu yomwe amalembera, ikakhala yatsopano imafuna macOS yatsopano, ndipo App Store imakweza mtundu wa Xcode wovomerezeka pafupifupi chaka chilichonse. Kwa iwowa, ndalama yogulira bodi ndi khadi latsopano chifukwa cha Hackintosh ndi bwino ipite ku Mac mini ya chip ya M, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Kwa ena tonse, RX 580 yakale, kabatire ka CR2032 ndi fulashi yachiwiri n'zogula zomwe zikadali zanzeru. Bodi yatsopano ya processor ya Intel ya m'badwo wa 14 ayi.